Mwala wa Abiti Levi

Mutu 6

1. Pansi pa mtengo wa mango

Lachitatu atatuluka m'kalasi, Anisa anaitanidwa ndi Pulofesoli Alberto, mphunzitsi wake, pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa sikola ya sekondale ya ku Insaca. Hélio, mnyamata wa m'kalasi mwake, anali atafika kale, atakhala pa muzu.

Awiriwa ndiwo anatsala pa mpikisano wa nyumba ya malamulo ya ana. Dera la Mecanhelas linayenera kutumiza mwana mmodzi ku Lichinga, ndipo kuchokera kumeneko mpaka ku Maputo, kukalankhula m'malo mwa anzake. Lachisanu aliyense anayenera kulankhula pamaso pa makolo ndi komiti ya sikola, kuti komitiyo isankhe mmodzi.

Anisa anali atalemba za atsikana amene amasiyitsidwa sikola n'kukwatitsidwa ali ana. Nkhaniyi sanaitole kutali. Mng'ono wake Tausi, wa zaka khumi ndi zinayi, anali atasiya kale sikola kwawo kunyanja ya Amaramba. Amjomba awo a Haji, mlongo wa amayi awo, anali atagwirizana ndi wogula nsomba wina wa ku Entre Lagos kuti amukwatire.

Pulofesoli anakhala pansi n'kuyamba kulankhula mofatsa.

"Mwana wanga, zimene walembazi ndi zoona, sindikukana. Koma ine ndakhala m'misonkhano yotere zaka zambiri. Amene adzakhale kutsogolo Lachisanu si alendo a ku Maputo ayi. Ndi azibambo a konkuno, ndipo ena mwa iwo akwatitsa ana awo dzanadzanali. Amjomba ako a Haji nawonso ali m'komiti. Munthu sumunyoza pakhomo pake kenako n'kumupempha kuti akuolotse mtsinje. Lankhula za mabuku ochepa, za mipando yosweka, uthokoze makolo. Ukafika ku Maputo, kumeneko ndiye ukatulutse zonse zili kumtima kwako."

Anamupatsa pepala lina limene iwo anamukonzera.

"Nanga iwe ulankhula za chiyani?" Anisa anafunsa Hélio.

"Ine za zimbudzi," anatero Hélio. "Zimbudzi zilibe mjomba."

Pulofesoli anaseka. Anisa anapinda pepala lija n'kuliika m'thumba.

2. Chisakasa cha Che Bwanausi

Madzulo a tsikulo Anisa anakankha njinga yake kupita kumsika chifukwa tayala lakumbuyo linali litaphwa. Kumapeto kwa msika, pafupi ndi pokwerera timabasi totchedwa machapa, panali chisakasa cha Che Bwanausi, nkhalamba yokonza njinga. Kwawo kunali ku Amaramba komweko, ndipo ana onse a kunyanja ogonera kusikola ankawatcha anganga.

Tsikulo sanali kugwira ntchito. Anangokhala pa mpando wakale wa galimoto, wailesi ili pamiyendo koma yozimitsa.

"Anganga, mwadwala?"

"Ayi, mdzukulu wanga. Wailesi yanena m'mawa uno kuti Abiti Levi, amene anali phungu wathu ku nyumba ya malamulo, atisiya ku Maputo."

Anisa anayang'ana pa mzati wa chisakasa. Pamenepo panali chithunzi chofwifwa cha mayi wa tsitsi lopotana, atamanga nsalu ya kapulana, ataima pafupi ndi galimoto yoyera.

"Mzungu wa pachithunziyu?"

"Mzungu? Iwe, akadakumva bwenzi atakukoka khutu. Ankati, 'Ine mchombo wanga unagwera m'dothi la Mosambiki.' Khala pansi. Tayala lako lidikira."

Anisa anakhala pa chitini, ndipo nkhalamba inayamba.

"Dzina lawo linali Dona Rabeca. Bambo awo anali a Levi, telala wa ku Maputo. Anali Ayuda. Ife kuno Ayuda tinkangowamva kwa ashehe ndi kwa abusa, tinkayesa kuti anatha kalekale pamodzi ndi ngamila zawo. Makolo a Dona Rabeca anathawa nkhondo kutsidya kwa nyanja yaikulu, anafika pa sitima yapamadzi alibe ngakhale mphasa. N'chifukwa chake nkhondo yathu itatha, ife tikubwerera kuchokera ku Malawi, iwo anasiya chipatala cha mumzinda n'kubwera ku Entre Lagos ngati namwino. Ankati, 'Wothawa nkhondo ndimamudziwa, ndinayamwa bere lake.'

"Ankaima pasiteshoni dzuwa lili pamutu, kulandira anthu otsika ndi mitolo, kubaya ana katemera. Ine ndinatsika ndi mkazi wanga ndi mbuzi imodzi. Atamva kuti ku Malawi ndinaphunzira kuyendetsa galimoto, anangoti, 'Mbuziyo mangirira apo, kwera.' Ndinawayendetsa mpaka mutu wangawu unachita imvi. Amayi a kunyanja ndiwo anawatcha Abiti Levi, monga mmene timatchulira mwana wamkazi ndi dzina la bambo ake.

"Lachisanu dzuwa likamalowa ankayatsa makandulo awiri. Loweruka galimoto sinkayenda, pokhapokha pakhale wodwala, chifukwa ankati moyo wa munthu umaposa Sabata. Ndiye ine ndinkapuma kawiri, Lachisanu kumzikiti, Loweruka kwa Ayuda. Anzanga ankandichitira nsanje."

3. Mlamba wa ku Amaramba

"Nanga ku nyumba ya malamulo anafikako bwanji?" anafunsa Anisa.

"Anthu a m'midzi ndiwo anaumiriza a chipani kuti Abiti Levi akhale deputada, ndiye kuti phungu wa Niassa ku Asembleya, kumene amapanga malamulo a dziko lonse. Koma kunatsala pang'ono kuti mlamba uwagwetse.

"Tinapita kwathu ku Amaramba kukachititsa msonkhano. Asodzi anafuna kuwalemekeza. Anasunga mlamba waukulu, wotalika ngati mwana woyamba kuyenda. Amayi anauphika bwino, n'kuuika patsogolo pawo anthu onse akuona. Palibe ankadziwa kuti Ayuda sadya nsomba yopanda mamba. Ngakhale ine woyenda nawo sindinkadziwa. Ndinkangoona kuti amakonda makumba ndi matemba.

"Wachipani wina anawanong'oneza kuti, 'Dona, ingolawani pang'ono, mukakana mudzi wonse utithawa.' Wina anati, 'Nenani kuti m'mimba mukupota.' Iwo anaimirira, anapinda manja, n'kunena kuti, 'Abale anga, mwandilemekeza kwambiri. Koma nsomba iyi chipembedzo cha makolo anga sichindilola. Ndikadatha kunama kuti ndadwala. Koma ndikakunamizani lero pa nkhani ya ndiwo, mawa ku Maputo ndidzakunamizani pa nkhani ya ana anu.'

"Amayi amene anaphika ananyamula mbale zawo n'kumapita. Ena ankati, 'Watinyoza, akutiyesa auve.' Shehe wina wokalamba anakweza ndodo n'kufunsa kuti, 'Kodi inu, tikapita kumtunda anzathu akatiphikira nkhumba, timadya?' Ena anaseka n'kubwerera, koma ambiri sanabwerere. Chaka chimenecho mudzi wathu sunawavotere. Anapambana ndi mavoti a kwina.

"Koma patapita zaka, amayi omwe aja ndiwo ankayenda mtunda wautali kudzawauza mavuto awo. Ankati, 'Tiyeni kwa uja wa mlamba uja, sanama.'"

"Nanga mlambawo unathera kuti?"

"Ndinadya ine. Ife Asilamu mlamba satiletsa, ndipo woyendetsa galimoto ayenera kukhala ndi mphamvu."

Anisa anaseka, nkhalamba nayo inaseka uku ikupukuta m'maso ndi nsalu yamafuta.

4. Kamwala ka m'bokosi

"Ku Asembleya ndinalowako kamodzi," anapitiriza Che Bwanausi. "Ndinakhala pamwamba, pa mipando ya alendo. Nyumba yozizira ngati phanga. Tsikulo ankakambirana za atsikana okwatiwa ali ana. Abiti Levi anayamba ndi Chinyanja, abwana a masuti akuyang'anana. Anati, 'Mwana sabereka mwana.' Kenako anapitiriza m'Chipwitikizi. Anasimba za atsikana amene anafera m'manja mwawo pobereka, nthawi imene anali namwino kuno. Wina anakuwa kuti, 'Myuda adziwa chiyani za miyambo yathu?' Iwo anayankha kuti, 'Miyambo sindiidziwa yonse. Koma maliro a ana amenewa ndimawadziwa, ndinasambitsa nawo.'

"A chipani chawo chomwe anawachenjeza kuti nkhaniyi aisiye, chifukwa inkakhudza ena mwa akuluakulu awo. Sanasiye. Chisankho chotsatira dzina lawo silinaoneke. Anabwerera kuno, anavalanso malaya oyera aja, kumabaya ana katemera ngati palibe chachitika. Patapita zaka anthu anachita phokoso mpaka anawabwezera pampando. Anakhalapo kufikira miyendo itayamba kukana."

Nkhalamba inatsegula bokosi la zitsulo, n'kutulutsa kanthu kokulunga m'kansalu. Kanali kamwala kakuda, kosalala, kakukula ngati dzira la njiwa.

"Ulendo wawo womaliza kubwera kuno tinapita kunyanja. Ndinawauza kuti, 'Mukadzamwalira ndidzabwera ndi maluwa.' Anaseka. Anati, 'Bwanausi, kwathu sitiika maluwa pamanda. Maluwa amafota. Wobwera kudzaona manda amaika kamwala, kusonyeza kuti munthuyo sanaiwalike. Udzandibweretsere ka ku Amaramba.' Ndinatola tsiku lomwelo. Koma taona miyendo yangayi, ngakhale ku Cuamba sindingafike. Ndamva kuti Lachisanu akusankha mwana wopita ku Maputo, ndipo aliyense akudziwa kuti pakulankhula Hélio sakufika pa iwe. Tenga, ukaike pamanda pawo."

Anisa analandira ndi manja awiri n'kumanga kamwalako pa nsonga ya kapulana yake. Za pepala la m'thumba sanawauze.

5. Mawu a amjomba

Lachinayi masana a Haji anafika pa njinga yamoto kudzadikira msonkhano. Anamuitanitsa Anisa kuchipata cha sikola. Iye anagwada n'kuwapatsa moni.

"Ndamva kuti ukufuna kutulutsa za kuchipinda kupita nazo pabwalo," anatero a Haji. "Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Bambo ako atamwalira, ndani anatenga nyumba yanu pamutu? Ine Tausi sindidana naye. Nyanja yachepa nsomba, amayi ako akudwaladwala. Mwamuna uja ndi waulemu, ali ndi nyumba ya malata, mwanayo sadzagona ndi njala. Amayi ako anakwatiwa pa msinkhu womwewo, agogo ako chimodzimodzi, ndipo iwe ulipo lero chifukwa cha iwo. Iwe tinakusiya kuti uphunzire chifukwa mutu wako umagwira, koma mbumba imodzi singaphunzitse onse. Mawa ine ndikhala kutsogolo. Ukalankhula bwino, dzanja langa likhala loyamba kukwera, upite ku Maputo ukaone nyanja yamchere. Koma kumbukira, ukayenda siya phazi. Ukasiya mlomo, umakutsata."

"Ndamva, amjomba. Nanga ukwati wa Tausi ndi liti?"

"Tikangokolola."

Ulendo wa ku Maputo unali wa nyengo yozizira, chimanga chili kale m'nkhokwe, Tausi atakwatiwa kale.

6. Lachisanu m'mawa

Holo ya sikola inadzaza. Kutsogolo kunakhala a komiti, kumbuyo amayi ndi ana awo. Msonkhano unayamba m'mamawa kuti anthu apeze nthawi yopita kumzikiti.

Hélio ndiye anayamba. Anasimba mmene chitseko cha chimbudzi cha anyamata chinagwera, ndi mmene amaimbira nyimbo mokweza kuti wina asalowe. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo anamuombera m'manja.

Kenako anaitana Anisa. Anatulutsa pepala la Pulofesoli n'kuwerenga mzere woyamba wothokoza makolo. A Haji anagwedeza mutu mokondwa. Poweramira kuti awerenge mzere wachiwiri, kamwala kaja kanamugunda pabondo. Anaika pepalalo patebulo.

"Makolo anga, pepalali likunena za mipando yosweka. Ndi zoona, mipando ndi yosweka. Koma m'kalasi mwathu muli mipando ina yabwinobwino imene palibe akukhalapo. Tinayamba atsikana ambiri, lero mukhoza kutiwerenga ndi zala. Anzathu ali kuseri kwa nyumba akuyanika matemba, mwana ali kumbuyo. Mmodzi tinamuika m'manda chaka chatha pamodzi ndi khanda lake, ndipo ena mwa inu munaliko.

"Sindikunena za anthu akutali. M'nyumba mwathu momwe muli mwana amene akuyang'ana chimanga kumunda, akupemphera kuti chisaume msanga. Ndinalangizidwa kuti zimenezi ndikanene ku Maputo. Koma ku Maputo kulibe amene akukwatitsa mng'ono wanga. Amene angathe kuletsa muli muno.

"Sindikunyoza munthu. Amjomba anga andilera, ndipo ndimawalemekeza. Ndikungopempha. Mwana sabereka mwana. Tidikireni, tikule."

Mayi wina kumbuyo anayamba nthungululu, koma ataona kuti ali yekha anasiya. A Haji anaimirira, anavala chipewa chawo n'kutuluka. Patangopita kanthawi njinga yamoto inalira panja.

Wapampando anapempha a komiti kuti akweze manja. Pa dzina la Anisa anakweza amayi awiri okha. Pa dzina la Hélio manja anakwera ambiri.

"Iwe, wandipatsa ulendo mwaulere ngati nthochi," ananong'ona Hélio, nkhope ili yakugwa. "Ine sindimafuna kupambana chonchi."

Pulofesoli Alberto anatola pepala lija patebulo. Sanamukalipire.

"Ulendo wapita," anatero. "Pita ukadye. Ine ndikufuna ndionane ndi amayi awiri aja asanachoke."

7. Mwala sufota

Loweruka m'mawa Anisa anapita kumsika. Anapeza Che Bwanausi akumata chubu cha njinga. Anamasula nsonga ya kapulana n'kuika kamwala kaja patsogolo pawo.

"Anganga, ndalephera. Ku Maputo sindipita. Mupatseni Hélio, ndi mnyamata wokhulupirika."

"Ndamva kale. Msika wonse ukukamba za iwe, mpaka ogulitsa tomato agawikana pawiri." Anaika chubu pambali. "Akuti unanena mawu aja a ku Asembleya."

"Anangotuluka okha."

Nkhalamba inayang'ana chithunzi cha pamzati nthawi yaitali.

"Mlamba wina wakanidwa," inatero motsitsa. Kenako inatola kamwala kaja n'kukabwezera m'dzanja la Anisa. "Ndikadakupatsa maluwa, bwenzi lero ndikulira. Koma mwala sufota. Mwini wake ankadziwa chimene ankanena. Sunga. Manda sathawa, ndipo mpando umene anausiya ku Asembleya udzafuna munthu. Ine sindidzaona, koma udzaike ndiwe.

"Koma tamvera, usayese kuti ntchito watha. Abiti Levi atakana mlamba uja sanathawire ku Maputo. Sabata yotsatira anandiuza kuti tibwerere ku Amaramba. Anakhala pamphasa ndi amayi okwiya aja, kusenda nawo chinangwa, akuwalankhula mawu opweteka, iwo ali chete. Kunena zoona ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kubwerera kwa amene wawakwiyitsa. Amjomba ako si mdani wako. Ndi munthu amene akuopa njala, ndipo dzulo wachita manyazi pamaso pa anzake. Munthu wamanyazi amachita zinthu mothamanga. Ukhale maso."

Anisa anamanganso kamwalako, anathokoza, n'kuyamba kubwerera kusikola.

Atayandikira chipata anaona mtsikana atakhala pansi, atatsamira mpanda, kamtolo kali pamiyendo. Mapazi ake anali mbuu ndi fumbi, ndipo zovala zake zinkanunkha nsomba.

"Tausi! Wabwera bwanji?"

"Andikweza anthu opita ndi nsomba kumsika, achemwali," anatero mng'ono wakeyo. "Amjomba afika dzulo atakwiya. Akuti sadikiranso kukolola, ukwati ndi Lachisanu likubwerali. Amayi andimangira kamtoloka, akuti ndibwere kwa inu, popeza ndinu mwayamba."

Anisa anamuimiritsa n'kusenza kamtolo kaja. Nyumba ya Pulofesoli Alberto inali kuseri kwa mtengo wa mango, ndipo anamuuza Tausi kuti athamangire kumeneko. Ali mkati molankhula, pamsewu wochokera kunyanja panamveka kulira kwa njinga yamoto imene onse awiri ankaidziwa bwino.

Tausi anathamanga. Anisa anatula kamtolo pansi, anagwira nsonga ya kapulana yake pamene panali kamwala, n'kugwada pachipata kudikira amjomba ake.